Parachuti ndi ambulera ndi a mimba imodzi

Pa bondo langa lakumanzere pali chipsera chimene ndakhala ndikuchinamizira zambiri. Ena ndinawauza kuti ndi za kumpira, ena kuti ndinagwa pa kabaza. Lero ndiulule. Ndinalumpha mumtengo wa mango nditagwira ambulera ya agogo anga aakazi, ndili Sitandade 4, mtima uli m'malo kuti nditsika mwaulemu ngati msilikali.

Kwathu ndi ku Salima, ndipo odziwa bomali akudziwa kuti kumeneko kuli gulu la asilikali olumpha m'ndege. Masiku ena ndege inkadutsa m'mwamba, kenako n'kuyamba kulavula timadontho takuda. Kadontho kalikonse kankati kagwe pang'ono n'kutambasuka, kusanduka bowa wamkulu woyandama m'malere, munthu ali lende kunsi kwake. Ife ana tinkasiya mpira wachikulunga, atsikana kusiya phada, mbuzi n'kumalowa m'minda ya eni ife maso ali kumwamba mpaka khosi kuwawa. Akuluakulu ankangoti, "Ayambapo a parachuti aja." Mawuwa ndinawadziwira pamenepo, ndipo kwa ine anali mawu achisilikali, a m'thumba limodzi ndi bareki, sajeni ndi yunifolomu.

Tinayamba ndi majumbo. Unkadula jumbo kuti likhale ndi ngodya zinayi, kumanga ulusi wosolola ku thumba la feteleza pa ngodya iliyonse, kunsi n'kumangirira kamwala kapena chitsononkho. Ukakulunga n'kuponya m'mwamba ndi mphamvu zako zonse, kanthu kaja kankatseguka n'kumatsika modzimva, ngati mkazi wa abusa akulowa m'tchalitchi. Zinthu zinasokonekera pamene msuweni wanga, amene anali ndi luso lotuma anzake zimene iye mwini sakanachita, ananena kuti parachuti ndi ambulera basi, kungoti ya asilikali ndi yaikulu.

Agogo anali nayo ambulera. Yakuda, ya chigwiriro chamtengo chopindika, imene malemu agogo aamuna anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inkakhala pamwamba pa chipupa, ndipo inkatuluka pa zifukwa ziwiri zokha: kutchalitchi ndi kumaliro. Tinaiba masana agogo ali ku khitchini. Ndinakwera mpaka pa nthambi imene tinkathyolera mango oyamba kupsa, n'kuitsegula. Kwa kamphindi kochepa, ndikulumbira, ndinamva ambulera ikukokera mkono wanga m'mwamba. Kenako nsalu inapidikuka, masipoko ali yangayanga, ine pansi khu, bondo pa muzu.

Agogo anatuluka mthiko uli m'manja. "Kwagwanji kuno?"

Msuweni wanga, ali kale kuseri kwa nkhokwe, anayankha mokuwa kuti, "Wagwa ndi mdzukulu wanu, agogo!"

Anayamba kaye atola ambulera n'kuiyang'anitsitsa. Bondo analiona pambuyo.

Papita zaka zambiri, ndipo ine ndinakula ndi matenda ofufuza kumene mawu anachokera, monga ena amakulira ndi bawo. Tsiku limene ndinafika pa mawu akuti parachute ndinaseka ndekha ngati wamisala, chifukwa ndinapeza kuti msuweni wanga uja, ngakhale anandipweteketsa, sananame kwenikweni.

Amene anapeka mawuwa ndi Mfalansa wina, Louis-Sébastien Lenormand, wobadwira mumzinda wa Montpellier m'chaka cha 1757, mwana wa mmisiri wa mawotchi. Iyeyu, bambo wandevu zake wophunzira sayansi, anayambira pamene ndinayambira ine: analumpha mumtengo atagwira maambulera. Kusiyana kwake n'koti iye anatenga awiri, komanso anayamba wawalimbitsa kuti asapidikuke. Nzeruyi nayenso anachita kutola. M'chaka cha 1687 mfumu ya ku France, Louis XIV, inatuma kazembe wake Simon de la Loubère ku Siam, dziko limene lero ndi Thailand, ndipo kazembeyu atabwerako analemba za katswiri wina amene ankasangalatsa mfumu ya kumeneko polumpha kuchokera pamwamba ndi maambulera awiri, zigwiriro zake atazimangirira m'chiuno.

Pa 26 Disembala 1783, mbiri imati Lenormand anakwera nsanja yoonera nyenyezi ya ku Montpellier, khamu la anthu likuonerera, n'kutsika ndi chinthu chimene anapanga yekha: nsalu yokungidwa pa timitengo, yotambalala mamita opitirira pang'ono anayi. Taonani chakacho. Ndege yoyamba, ya abale awiri a ku America otchedwa Wright, inauluka mu 1903, patapita zaka 120. Ngakhale chibaluni chonyamula anthu chinali chachilendo, pakuti anthu oyamba kuuluka nacho momasuka anachita zimenezo ku Paris pa 21 Novembala chaka chomwecho, milungu isanu yokha m'mbuyo mwake. Ndiye Lenormand sankaganiza za ndege kapena asilikali. Ankaganiza za moto. Ankafuna kuti munthu amene moto wamutsekereza m'nyumba yosanja, masitepe atayaka, akhale ndi potulukira pa windo.

Zimenezi zinandikumbutsa nthano ina ya ku China imene wolemba mbiri Sima Qian anailemba zaka zoposa 2,000 zapitazo. Mnyamata wina dzina lake Shun, amene pambuyo pake anadzakhala mfumu, anatumidwa ndi bambo ake kuti akakonze denga la nkhokwe. Ali pamwamba, bambowo anayatsa nkhokweyo kunsi kuti mwana wawo apsere momwemo. Shun anatenga zipewa ziwiri zazikulu zansungwi n'kulumpha nazo, n'kupulumuka. Ndi nthano, sindikukana, ndipo bondo langa likhoza kuchitira umboni kuti zipewa ziwiri sizingakwane. Koma onani kuti nthano yakalekale ndi wasayansi wa ku France akugwirizana pa chinthu chimodzi. Munthu woyamba kufuna parachuti sanali wolakalaka kuuluka ngati mbalame, anali wothawa moto.

Dzina lenilenilo linabwera mu 1785. Lenormand anatenga tizidutswa tiwiri n'kutilumikiza. Kachiwiri n'kosavuta: chute m'Chifalansa ndi kugwa. Koyamba, para, kanachokera ku Chitaliyana, ku mneni wakuti parare, kutanthauza kutchinga, kuphera, kuteteza. Okonda mpira wa ku Italy, goloboyi akauluka n'kuphera mpira kunja, kumeneko amati wachita parata. Ndi muzu womwewo. Mukaukumba kwambiri mufika ku Chilatini, kumene parare kunali kukonzekera, ndipo ndi kumene Chingerezi chinatenga prepare ndi repair. Pali nzeru yake: wokonzekera chibakera ndiye amachitchinga.

Lenormand sanachite kuvutika, chifukwa banja la mawu oterewa linalipo kale m'chinenero chake. Panali parasol, chotchinga dzuwa. Panali parapluie, chotchinga mvula, ndipo mpaka lero Mfalansa ambulera amaitcha choncho. Panali paravent, chotchinga mphepo, ndi paratonnerre, kachitsulo kaja kamakhala pamwamba pa nyumba zitalizitali kuteteza ku mphenzi. Ngakhale kampanda kakafupi ka m'mbali mwa mlatho, kamene Angerezi amati parapet, kanachokera ku parapetto, chotchinga chifuwa. Munthu amene analumpha mumtengo ndi zotchinga dzuwa ziwiri anangoyang'ana chimene chinali m'manja mwake, n'kuchotsa dzuwa, n'kuikapo kugwa. Msuweni wanga akanamva akanandiuza kuti ndimupepese.

Achibale athu a ku Tete ndi ku Angónia banjali amakhala nalo tsiku ndi tsiku. M'Chipwitikizi galasi lakutsogolo kwa galimoto ndi para-brisas, bampala ndi para-choques, chotchinga mphenzi ndi para-raios, ndipo parachuti ndi paraquedas, pakuti queda ndi kugwa. Ku Spain amati paracaídas, ku Italy paracadute. Aliyense anangovula chute n'kuveka kugwa kwa kwawo.

Chimene chinandikomera kwambiri n'choti kapangidwe ka mawu kameneka ndi kathu komwe. Ife timatenga mneni n'kumumata pa chinthu chimene akuchichita, dzina n'kubadwa. Wotola nkhani ndi mtolankhani. Wosunga chuma ndi msungichuma. Wolemera mpaka kuyenda pa ndalama ndi mpondamatiki. Mvula yoyamba ija imadzazimitsa malo otenthedwa ndi chizimalupsa. Ndipo pamene Mtaliyana anaona nsalu n'kuitcha chotchinga dzuwa, ife tinaona namwali wokongola n'kumutcha chiphadzuwa. Inu muweruze nokha kuti ndakatulo yaposa ndi ya ndani. Choncho Lenormand akanabadwira kwa Kalonga kuno, chinthu chake akanachitcha chitchingakugwa kapena chiletsakugwa, ndipo palibe akanadabwa. Ndayesapo kuwatchula mawu amenewa pamaso pa anzanga. Amaseka, koma palibe amafunsa tanthauzo lake. Sindikunena kuti tiyambe kuwagwiritsa ntchito. Parachuti anakhazikika kale pakamwa pathu, monga anakhazikikira ndege, mawu amene kwa eni ake Aswahili amatanthauzanso mbalame wamba, ndiponso ambulera yemweyo, amene anadzera ku Chingerezi kuchokera ku ombrello ya Chitaliyana, kamthunzi. Timafunda kamthunzi mvula ikugwa, dzuwa kulibe, ndipo palibe amadandaula.

Pali msampha umodzi umene umakola anthu ambiri, ngakhale olemba mabuku. Chingerezi chili ndi para wina, wa Chigiriki, wotanthauza pambali. Ndi amene ali mu parallel ndi paragraph, komanso mu parasite, mawu amene poyambirira ankanena munthu wodyera pambali pa mnzake, uja amatulukira nsima ikangophulidwa. Awiriwa amafanana nkhope koma si apachibale. Kenako panabadwa wachitatu, mwana wa parachuti yemweyo. Nkhondo itabweretsa asilikali olumpha m'ndege, Angerezi anadula mawuwo pakati n'kupanga paratrooper, ndipo gulu lawo la asilikali otere amangolitcha kuti Paras. Masewera oyandama ndi nsalu kuchokera paphiri anawatcha paragliding. Kachidutswa kamene kankatanthauza kutchinga tsopano kakutanthauza kulumpha. Ena amadulira mbali inayo n'kungoti chute, ndiye kuti chipangizo chopulumutsa ku kugwa akuchitcha kugwa. Mawu akakalamba amaiwala kwawo.

Chute ameneyu ndimukhalire pang'ono, chifukwa ndi pamene funso la agogo lija linandibwerera. Mawuwa anachokera ku mneni wakale wa Chifalansa wotanthauza kugwa, ndipo gwero lake ndi cadere wa Chilatini. Cadere anabereka ana ambiri amene sitiwaganizira n'komwe. Cascade, mathithi, madzi akugwa. Cadaver, mtembo, munthu amene wagwa. Accident, chinthu chimene chakugwera. Chance, mwayi, kuchokera ku mmene timiyala ta juga tagwera. Ngakhale case, mlandu kapena nkhani, ndi chimene chagwa. Aroma zinthu sizinkangowachitikira, zinkawagwera.

Nanga ife? Munthu akaona gulu pa mseu amafunsa kuti kwagwanji. Pamudzi pagwa zovuta. Kwagwa maliro, kwagwa njala, kwagwa ngozi. Tsoka lamugwera, mwayi wamugwera. Zikalephereka timati zagwa zatha. Palibe amene anatiphunzitsa Chilatini kuti tiziyankhula choncho, ndipo Aroma sanafike ku Mankhamba. Anthu a mbali ziwiri za dziko anangoona mofanana kuti zimene sitinazikonzekere zimachokera kumwamba, ngati nthambi youma. Tsiku lija agogo anafunsa mophiphiritsa, msuweni wanga n'kuwayankha mosaphiphiritsa, ndipo onse awiri anali pa mneni umodzi.

Tsopano ndinene chimene chimandivuta pa dzinali. Limadzitama. Ambulera imatchingadi mvula, ukafika kutchalitchi mutu uli wouma. Chotchinga mphenzi chimalandadi mphenziyo n'kuipititsa m'nthaka. Koma parachuti satchinga kugwa. Munthu amagwabe, kuyambira pa khomo la ndege mpaka pansi, palibe mita imodzi imene amakhululukidwa. M'Chipwitikizi kudzitamako kumaonjeza, chifukwa parar kwawoko ndi kuima, ndiye paraquedas amamveka ngati choimitsa kugwa. Chinthu chimene chingaimitsedi munthu mwadzidzidzi ali pa liwiro lotero chikhoza kumuthyola msana chimodzimodzi nthaka.

Zimene zimachitika ndi izi. Munthu akalumpha m'ndege osatsegula kanthu, atatambasula manja ndi miyendo, liwiro lake limakwera kwa masekondi pafupifupi 12 mpaka kufika makilomita 200 pa ola kapena cha pamenepo. Likafika apo silikweranso, chifukwa mphepo imene ikumukankha kuchokera pansi yafanana mphamvu ndi kulemera kwake. Parachuti amangokulitsa malo amene mphepoyo ikukankha. Nsalu yozungulira ya asilikali imakhala ya mamita pafupifupi 10 kuchoka mbali ina kufika ina, ndipo imatsitsa liwiro lija kufika pa makilomita pafupifupi 20 pa ola. Liwiro limeneli si la nthenga ayi. Lili ngati kulumpha kuchokera pa mpanda wa njerwa wofika m'mapewa, n'chifukwa chake asilikali amaphunzitsidwa kuphatikiza miyendo, kupinda mawondo, ndi kugubudukira cham'mbali akangogunda pansi. Ambulera ya agogo inali yotambalala mwina mita imodzi. Ngakhale masipoko akanapirira, bondo likanapitabe.

Pakati pa dzina ndi chinthu chodalirika panadutsa zaka zoposa 100, ndipo ena analipira ndi moyo. André-Jacques Garnerin, Mfalansa amene anakhalapo mkaidi wa nkhondo ku Buda m'dziko la Hungary, ndiye anataya timitengo tija n'kudalira nsalu yokha. Pa 22 Okutobala 1797 anakwera ndi chibaluni pamwamba pa Parc Monceau ku Paris, pafupifupi mamita 1,000, n'kudula chingwe. Anafika pansi wamoyo, koma dengu limene anakhalamo linkapita uku ndi uku moopsa, chifukwa mphepo yodzaza m'nsalumo inkasowa potulukira n'kumakhuthukira m'mphepete, mbali ino kenako mbali iyo. Katswiri wa nyenyezi Jérôme Lalande ndiye analangiza kuti aboole pamwamba. Mankhwala a parachuti wogwedezeka anakhala kumuboola. Ife a majumbo tinazitulukira tokha zimenezi, mwangozi, jumbo lina litang'ambika pakati n'kutsika mowongoka kuposa onse. Patatha zaka ziwiri, mu Okutobala 1799, Jeanne-Geneviève Labrosse, amene anadzakhala mkazi wa Garnerin, anakhala mayi woyamba kutsika ndi parachuti.

Mngerezi wina wojambula zithunzi, Robert Cocking, anaonerera Garnerin akutsika ku London mu 1802, ndipo kugwedezeka kuja kunamukhala m'mutu zaka 35. Anaganiza kuti yankho ndi kutembenuza ambulera kuti iyang'ane kumwamba ngati fanulo. Mu Julayi 1837, ali ndi zaka 61 ndipo asanalumphepo chibadwire, anakwera nacho chinthu chakecho kunsi kwa chibaluni. Chinaphwasuka m'malere, ndipo iye anakhala munthu woyamba kufa pa ngozi ya parachuti. Chaka chomwecho Lenormand anamwalira ku Castres, ali nkhalamba, atabwerera ku moyo wa chipembedzo umene anausiya pa nthawi ya chipwirikiti cha ku France.

Koma amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi telala. Franz Reichelt ankasoka zovala ku Paris, ndipo anasoka chovala chimene ankati woyendetsa ndege akhoza kuchivala n'kusanduka parachuti pa ngozi. Akuluakulu a mzinda anamulola kukayesa pa nsanja ya Eiffel poganiza kuti aponya chidole. Pa 4 Febuluwale 1912 anafika atavala yekha. Anzake anamuletsa, iye anakana. Ojambula kanema analipo, ndipo kanemayo alipo mpaka lero: bambo wa ndevu zopota ataima pa kampando m'mphepete mwa nsanja, mamita 57 kuchokera pansi, akuzengereza, akusuzumira, akubwerera, kenako n'kulumpha. Nsalu inangomukulunga. Ndinaonera kamodzi ndipo sindidzabwerezanso. Kuzengereza kuja ndikukudziwa. Ndinakuchita pa nthambi ya mango, msuweni wanga ali pansi akuti usaope.

Chaka chomwecho zinthu zinayamba kulongosoka kwina. Ku Russia, Gleb Kotelnikov, amene anaona ndi maso ake woyendetsa ndege akufa pa chionetsero ku St Petersburg mu 1910, anali atapanga parachuti wopinda n'kuberekera kumsana. Pa 1 Malichi 1912 Albert Berry analumpha m'ndege ikuuluka ku St Louis, ku America. Ndipo pa 28 Epulo 1919 Leslie Irvin analumpha ku Dayton, n'kugwa kaye momasuka, kenako n'kukoka yekha kachingwe kotsegulira. Anathyoka kakolo pofika pansi, koma njira yake ndi imene ikugwirabe ntchito. Kampani ya Irvin inayambitsa kalabu ya anthu amene moyo wawo unapulumuka ndi parachuti, ndipo aliyense ankapatsidwa kabaji ka golide kooneka ngati mbozi, pothokoza mbozi zopanga silika amene nsaluzo zinkasokedwa naye. Silikayo ambiri ankachokera ku Japan, ndiye nkhondo yachiwiri itatseka njira, anthu anatembenukira ku nayiloni. Woyamba kuyesa parachuti wa nayiloni ndi thupi lake anali mayi, Adeline Gray, pa 6 Juni 1942. Majumbo athu aja tinganene kuti anali adzukulu a nsalu imeneyo, onse ndi a banja la pulasitiki.

Mwina wina akufunsa kuti nanga Leonardo da Vinci. Inde, cha m'ma 1485 anajambula munthu akulendewera kunsi kwa nsalu ya ngodya zinayi yosongoka pamwamba, ndipo Fausto Veranzio anasindikiza chithunzi chofananako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, n'kuchitcha Homo volans, munthu wouluka. Koma onsewa analibe dzina la chipangizocho. Chojambula cha Leonardo chinadikira mpaka mu Juni 2000, pamene Mngerezi Adrian Nicholas anachipanga ndi nsalu ndi mitengo n'kukachiyesa ku Mpumalanga, ku South Africa konkuno, kuchokera pa chibaluni mamita pafupifupi 3,000. Chinatsika bwinobwino. Koma chinkalemera makilogalamu oposa 80, ndiye atayandikira pansi anachidula n'kutsegula parachuti wamakono, kuopa kuti chingamuphwanye pofika.

Masiku ano mawuwa ndimawamva kwambiri kumalo oonetsera mpira kuposa ku bareki. Timu ikatuluka mu Premier League ya ku England imalandirabe gawo la ndalama za pa kanema kwa zaka zingapo, ndipo ndalamazo amazitcha za parachuti: 55 peresenti ya gawo limene matimu amagawana mofanana chaka choyamba, 45 chaka chachiwiri, ndi 20 chaka chachitatu ngati timuyo inakhala mu ligi kupitirira sizoni imodzi. Apa mawuwa akugwira ntchito yake moona mtima kuposa mmene Lenormand anawapangira. Palibe amene akunena kuti timuyo situluka. Yatuluka, koma isafike pansi ndi mutu. Mabwana a makampani akuluakulu nawonso amalembetseratu m'mapangano awo parachuti wa golide, chuma chimene adzalandire akadzachotsedwa ntchito. Chouluka chimatera, iwo amadziwa, n'chifukwa chake amayala matiresi asananyamuke.

Tanthauzo lina ndi loluma. Afalansa munthu amene chipani chamutumiza kukaimira dera limene sanakhaleko amamutcha parachuté, wotsitsidwa ndi parachuti. Sindikufunika kufotokoza zambiri, chifukwa chaka cha chisankho chilichonse timawaona: galimoto yaikulu, nsalu za chipani, munthu wofunsa njira ya kwa mfumu ya dera limene akuti ndi kwawo. Atolankhani ena akunja amatchedwanso chimodzimodzi, aja amatera Lolemba kukagwa chigumula n'kunyamuka Lachinayi atadziwa kale zonse za dziko lathu. Apa parachuti sakunenanso za kupulumuka. Akunena za munthu wofika kuchokera kumwamba osaponda fumbi la m'njira.

Si onse anabwereka mawu a Lenormand. Ajeremani anapanga awo, Fallschirm, ndipo Schirm ndi mawu omwewo amene ali mu Regenschirm, ambulera ya mvula. Mabunu a ku South Africa amati valskerm, chimodzimodzi. Aswahili, ngakhale amati parachuti, asilikali olumpha m'ndege amawatcha askari wa miavuli, asilikali a maambulera. (Mukapita ku Tanzania musasokoneze ndi parachichi. Ameneyo ndi peyala, ndipo akagwa mumtengo palibe chomutchinga.) Kulikonse kumene ndinasuzumira, ndinkapeza ambulera itabisala kuseri kwa chitseko. Ngakhale chombo cha Perseverance chimene chinatera pa Mars mu Febuluwale 2021 chinachepetsa liwiro ndi nsalu yozungulira ya mamita 21.5, ndipo pa zithunzi zake, mukachotsa ulemu wonse wa sayansi, mukuona ambulera ya mizere yofiira ndi yoyera.

Ya agogo ija sinafe. Loweruka lotsatira anandigwira dzanja, ine ndikutsimphina, mpaka kumsika kwa bambo wina amene ankakhala pansi pa mtengo akukonza maambulera, matochi ndi maloko. Anawongola masipoko atatu, awiri anasintha, nsalu n'kuisoka ndi ulusi umene sunali wakuda kwenikweni, moti chigambacho chinkaonekera patali. Ndalama yake ndinailipira ndi kutunga madzi mwezi wathunthu. Agogo sanandikwapule, mwina anaona kuti muzu wa mango wagwira kale ntchitoyo. Koma kuyambira tsiku limenelo mpaka kumwalira kwawo, ambulera ija sanaitchulenso ndi dzina lake. Kumwamba kukada Lamulungu m'mawa, ankaima pakhomo atavala chilundu chawo cha Mvano, n'kundiitana mokweza kuti anthu a nyumba zoyandikana amve bwino: "Asilikali! Tanditengereni parachuti wanga uja, kukubwera mvula."